Changu chikazilala: kuyerekeza njira zothandiza munthu kusabwerera m'mbuyo pochepetsa thupi

Munthu amene watsimikiza mtima kuti achepetse thupi savutika kwenikweni mlungu woyamba. Amadzuka m'mamawa popanda womudzutsa, amachepetsa chakudya mosanyinyirika, ndipo sikelo nayo imamusangalatsa, chifukwa masiku oyambirira thupi limataya madzi ambiri moti nambala imatsika mofulumira. Vuto limayamba mwezi wachiwiri kapena wachitatu, nambala ija ikaima pamodzimodzi, ntchito ikachuluka, mwana akadwala, kapena kukagwa zina zosokoneza ndondomeko yonse. Pamenepo ambiri amayamba kudziimba mlandu kuti changu chawo chinali moto wa mapesi, ndipo amasiya mwakachetechete osauza aliyense, kudikira chaka chamawa kuti adzayambirenso.

Ndikufuna ndinene poyambirira kuti kuzilala kwa changu sikusonyeza kuti munthu ndi waulesi, pakuti thupi lenilenilo limalimbana ndi amene akulichepetsa. Mu 2011 ofufuza a ku yunivesite ya Melbourne, ku Australia, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayamba ndi anthu 50 onenepa, omwe anadya chakudya chochepa kwambiri kwa milungu 10 n'kutsika ndi makilogalamu oposa 13 pa avareji. Patatha chaka chathunthu, mahomoni amene amauza ubongo za njala ndi kukhuta anali asanabwerere mwakale. Ghrelin, amene amautsa njala, anali akadali wokwera. Leptin, amene amadziwitsa ubongo kuti thupi lili ndi mafuta okwanira, anali akadali wotsika. Ndipo anthuwo ankamva njala kuposa mmene ankaimvera asanayambe. Kuwonjezera apo, thupi likachepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, choncho chakudya chimene chinkatsitsa munthu poyamba chimafika pongomusunga pamene alipo. Amene akudalira mtima wake wokha akulimbana ndi njala imene sitopa, pamene iye mwini amatopa.

N'chifukwa chake poyerekeza njira zimene anthu amagwiritsa ntchito kuti asagwe mphwayi, ine sindiyang'ana kwambiri mmene njirayo imasangalatsira tsiku loyamba. Ndimayang'ana zimene imachita kukacha, munthu atadya mopitirira muyezo usiku wathawu, kapena atalumpha masewera olimbitsa thupi mlungu wathunthu. Kodi imamuuza zoona? Kodi imamutsegulira khomo lobwererera popanda kumuchititsa manyazi? Nanga angathe kuipirira kwa chaka chonse?

Njira zimene munthu amachita payekha

Yofala kwambiri ndiyo kudziikira tsiku kapena chinthu choyembekezera, monga chikondwerero chimene chikubwera kapena chovala chimene chinasiya kukwana. Njirayi imadzutsadi munthu, koma ili ndi malire oonekeratu: tsikulo likadutsa, chifukwa chochepetsera thupi chimapita nalo limodzi. Imachititsanso kuti munthu adziikire nambala yaikulu pa nthawi yochepa, ndipo akaona kuti saifika amasiya zonse. Zifukwa zimene zimakhalitsa ndi zimene munthu amazimva m'thupi tsiku lililonse, monga bondo kusiya kupweteka, kukwera masitepe osapumira m'mwamba, kugona bwino, kapena shuga ndi kuthamanga kwa magazi kutsika. Zimenezi sizidikira kuti munthu afike pa thupi la pa unyamata wake. Madokotala amavomerezana kuti kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi kumabweretsa kale phindu looneka, kutanthauza makilogalamu 5 mpaka 10 kwa munthu wolemera makilogalamu 100.

Sikelo ndiyo imagawanitsa anthu kwambiri. Ena amati kudziyeza pafupipafupi kumafooketsa, ena amati popanda sikelo munthu amadzinamiza. Umboni umene ulipo ukupendekera kwa achiwiriwa. Ku United States kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, amene Rena Wing ndi James Hill anayambitsa mu 1994, ndipo amalemba anthu amene anatsika ndi makilogalamu osachepera 13.6 n'kukhala osanenepanso kwa chaka kapena kuposerapo. Mwa anthu oposa 10,000 amene analowamo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse amadziyeza kamodzi pa mlungu kapena kuposa apo. Ubwino wa sikelo ndi wakuti imagwira vuto lidakali laling'ono. Kilogalamu imodzi kapena ziwiri zimabwezeka m'milungu yochepa, koma khumi zimene zabwera munthu akupewa sikelo kwa miyezi isanu ndi umodzi zimafuna kuyambiranso ulendo wonse.

Komabe sikelo imanena zoona zimene n'zosavuta kuzimva molakwa. Taganizirani munthu amene wasamala mlungu wonse, Loweruka madzulo n'kudya chakudya chamchere wambiri. Lamlungu m'mawa aponda sikelo, apeza yakwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Atsika, aisuntha pang'ono, apondanso, nambala ndi yomweyo, ndipo tsiku lake lawonongeka kadzutsa asanadye. Zoona zake n'zakuti mafuta sangaunjikane chotero usiku umodzi. Zimene sikeloyo ikuyeza ndi madzi, pakuti mchere umasunga madzi m'thupi, shuga amene thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu amasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi katatu kulemera kwake, ndipo kwa amayi masiku oyandikira msambo amawonjezera madzi ena. Choncho amene akusankha kudziyeza tsiku lililonse ayenera kutero nthawi yofanana, m'mawa asanadye, ndipo aziyerekeza avareji ya mlungu uno ndi ya mlungu watha. Amene nambala ya tsiku limodzi imamuwonongera mtendere ndi bwino azidziyeza kamodzi pa mlungu, tsiku lokhazikika, n'kuwonjezera tepi yoyezera m'mimba kamodzi pa mwezi. Tepi ili ndi lamulo losavuta kukumbukira: kuzungulira kwa m'mimba kusafike theka la kutalika kwa munthuyo. Ndipo amene anadwalapo vuto la kadyedwe, monga kudzikaniza chakudya mopitirira kapena kudzisanzitsa, asayambe kudziyeza pafupipafupi popanda kukambirana ndi dokotala.

Pa njira zonse zimene munthu angachite payekha, ine ndimaika patsogolo kulemba zimene wadya. Mu 2008 kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,700 ku United States anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi, amene ankalemba chakudya chawo tsiku lililonse anatsika kawiri kuposa amene sankalemba n'komwe. N'zoona kuti mwina olembawo anali kale anthu akhama, koma pali chifukwa chomveka chimene kulemba kumathandizira, ndicho chakuti maganizo a munthu sasunga bwino zimene pakamwa palandira. Mu 1992 ofufuza a ku New York anayeza mosamala kagulu ka anthu amene ankanena kuti amadya pang'ono koma satsika, ndipo anapeza kuti zimene ankanena zinali zochepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi zimene ankadyadi, pamene masewera olimbitsa thupi ankawachulukitsa ndi pafupifupi theka lomwelo. Anthuwa sankanama mwadala. Zolawa pophika, zotsala za mwana, chakumwa chotsekemera cha panjira ndi zoponya m'kamwa uli chiimire sizikhala m'chikumbumtima ngati chakudya.

Ine ndinazindikira mphamvu ya kope pamene ndinatsegula masamba a milungu itatu n'kuona kuti pa Lachinayi lililonse, mzere wa madzulo unali wopanda kanthu. Sikuti masiku amenewo sindinkadya. Ndinkaweruka mochedwa, n'kufika kunyumba ndili ndi njala yaikulu, n'kudya zimene sindinkafuna kuziona zitalembedwa. Mizere yopanda kanthuyo inandiuza zimene sikelo sikanandiuza, kuti vuto langa linali maola asanu ndi awiri amene ankadutsa pakati pa chakudya cha masana ndi cha madzulo tsiku limodzi pa mlungu. Mankhwala ake anali kunyamula kachakudya kochepa kodya madzulo ndisanaweruke. Sikelo imauza munthu kuti zinthu zalakwika, pamene kope limamuonetsa ola ndi malo amene zimalakwikira.

Kusankha pakati pa kope ndi pulogalamu ya pafoni kumadalira zimene munthu akufuna kudziwa. Pulogalamu imawerengera yokha mphamvu za m'chakudya, zimene zimatchedwa makalori, ndipo kwa mwezi umodzi kapena iwiri imaphunzitsa zinthu zodabwitsa, monga zakuti supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Vuto lake ndi lakuti chakudya chophika pakhomo, chosakaniza zinthu zambiri, chimavuta kuchilowetsa molondola, ndipo ena amafika potanganidwa ndi manambala mpaka chakudya kusanduka masamu. Kope silidziwa makalori, koma limalola munthu kulemba nthawi, malo, amene anali naye ndi mmene mtima unalili, zomwe kawirikawiri ndiye gwero la vuto. Amene amaopa kuti kulemba kumadya nthawi adziwe kuti ofufuza a ku yunivesite ya Vermont anapeza mu 2019 kuti pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, olemba ankangotha mphindi pafupifupi 15 pa tsiku, ndipo chimene chinasiyanitsa otsika kwambiri ndi enawo chinali kulemba kangapo pa tsiku, osati kulemba mwatsatanetsatane. Chofooka cha kulemba n'chimodzi koma chachikulu: munthu amasiya kulemba pa nthawi yomwe akufunikira kwambiri kulemba, ndipo kope silifunsa mwini wake chifukwa chimene walitayira.

Za mawotchi ndi tizipangizo towerengera mapazi sindinena zambiri. Timathandiza munthu kudziwa kuti amakhala pansi nthawi yaitali bwanji, ndipo ena timawalimbikitsa kuyenda. Koma kafukufuku wa ku yunivesite ya Pittsburgh, wofalitsidwa mu 2016, anatsatira anthu oposa 450 a zaka 18 mpaka 35 kwa zaka ziwiri, ndipo amene anapatsidwa kachipangizo kovala pamkono anatsika ndi makilogalamu 3.5, pamene amene sanapatsidwe anatsika ndi 5.9. Amene ali nako kale akagwiritse ntchito, koma asamaone nambala ya mphamvu zimene kakuti watentha ngati chilolezo chodyera zambiri. Amene alibe sanataye kanthu kofunika.

Njira zimene zimafuna munthu wina

Popeza sikelo ndi kope sizilankhula, pamafunika munthu amene angafunse. Apa pali njira zitatu zimene anthu amazisakaniza ngati n'zofanana: mnzanu mmodzi, gulu, ndi katswiri.

Umboni wa ubwino wa anzako ndi wamphamvu. Mu 1999 Rena Wing ndi Robert Jeffery anafalitsa kafukufuku wa anthu 166, ena olowa pulogalamu yochepetsa thupi okha, ena olowa ndi anzawo kapena abale atatu. Mwa amene analowa okha n'kulandira maphunziro wamba, 76 pa 100 alionse anamaliza, ndipo 24 okha pa 100 ndi amene anali asananenepenso pofika mwezi wa 10. Mwa amene analowa ndi anzawo n'kuphunzitsidwanso kuthandizana, 95 pa 100 anamaliza, ndipo 66 pa 100 anasunga thupi limene anafikapo. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anapanganapo ndi mnzake zoyenda m'mamawa. Kunja kukuzizira, thupi likukana, ndipo mukanakhala nokha mukanatembenuka n'kugonanso. Koma mukudziwa kuti wina waima pageti, wamanga kale zingwe za nsapato, ndipo kumutumizira uthenga wopepesa n'kolemera kuposa kudzuka.

Koma si mnzanu aliyense amene angagwire ntchitoyi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mnzanu wachifundo chopitirira amakhululuka musanamalize n'komwe kufotokoza, ndipo posakhalitsa awirinu mumayamba kupatsana zifukwa zolumphira. Mnzanu waukali amakupangitsani kubisa, ndipo lipoti lobisa lilibe ntchito. Mnzanu amene nayenso akuchepetsa thupi amamvetsa bwino, koma akagwa iye amakugwetsani, kapena akatsika mofulumira kuposa inu pamabuka kansanje kosaneneka. Mwamuna kapena mkazi wanu ali ndi mphamvu yaikulu pa zimene zimagulidwa ndi kuphikidwa m'nyumba, choncho thandizo lake n'lofunika kwambiri, koma ine sindilangiza kuti iye akhale wofunsa, chifukwa funso lakuti "wadya chiyani lero" likachokera kwa munthu amene mumagona naye nyumba imodzi limamveka ngati chiweruzo pa maonekedwe anu ngakhale iye asakutanthauza zimenezo. Wofunsa wabwino ndi amene mumamulemekeza mokwanira kuti simungafune kumunamiza, koma simumuopa mpaka kumuthawa.

Gulu limathetsa vuto la kudalira munthu mmodzi, pakuti wina akafooka ena amakhalapo. Njirayi ndi yakale ndithu. Jean Nidetch anayamba mu 1961 poitana anzake ochepa kunyumba kwake ku Queens, mu mzinda wa New York, kuti azikambirana za kulimbana kwawo ndi chakudya mlungu uliwonse, ndipo mu 1963 misonkhanoyo inasanduka kampani ya Weight Watchers. Kafukufuku wa anthu 772 ku Australia, Germany ndi United Kingdom, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti amene anatumizidwa ku misonkhano ya kampaniyi anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 5 pa chaka, pamene amene ankangolandira uphungu wamba kuchipatala anatsika ndi oposa 2 pang'ono. Chimene chimagwira ntchito m'gulu ndi tsiku lokhazikika, kuyezedwa pamaso pa munthu wina, ndi kumva kuti ena anagwa pamene mwagwa inu n'kudzukanso. Zimenezi anthu angazichite okha popanda kulipira kampani iliyonse. Kuipa kwa gulu ndi kwakuti munthu amatha kubisala m'chigulu, ndipo akajomba milungu iwiri manyazi amamuletsa kubwerera. Magulu a pa WhatsApp kapena pa Facebook ali ndi vuto limeneli mowirikiza, chifukwa amene zikuwayendera ndi amene amalemba kwambiri, pamene amene akuvutika amangowerenga chete mpaka kutuluka, ndipo palibe amene amazindikira.

Kusiyana kwa kukumana maso ndi maso ndi kulankhulana pa intaneti kunayezedwapo. Mu kafukufuku wotchedwa STOP Regain, wofalitsidwa mu 2006, anthu 314 amene anali atatsika kale anaphunzitsidwa kudziyeza tsiku lililonse ndi kuchitapo kanthu msanga sikelo ikakwera, kupatula gulu lina limene linkangolandira makalata a nkhani. Patatha miyezi 18, amene ananenepanso ndi makilogalamu 2.3 kapena kuposa anali 72 pa 100 mwa olandira makalata, 55 pa 100 mwa othandizidwa pa intaneti, ndi 46 pa 100 mwa okumana maso ndi maso. Intaneti inathandiza ndithu, koma nkhope ya munthu inaposa.

Katswiri, kaya ndi dokotala, namwino kapena wodziwa za kadyedwe, amabweretsa chimene mnzanu ndi gulu alibe, ndicho kudziwa chochita zinthu zikaima. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Diabetes Prevention Program ya ku United States, imene zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu oposa 3,200 amene shuga wawo anali wokwera koma asanafike pa matenda anagawidwa m'magulu, ndipo a gulu limodzi anapatsidwa aliyense mlangizi wake, maphunziro 16, ndi zolinga ziwiri zokha: kutsika ndi 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu. Chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, kuposa 31 peresenti ya amene anapatsidwa mankhwala a metformin. Cholepheretsa n'chakuti katswiri amafuna ndalama kapena nthawi yodikira, ndipo kukumana naye kamodzi pa miyezi itatu sikukwanira kugwira munthu pa milungu ya pakati. Komabe kwa amene ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena a impso, amene akumwa mankhwala otsitsa shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, kuonana ndi dokotala n'koyambirira njira ina iliyonse isanasankhidwe, chifukwa thupi likamatsika mlingo wa mankhwala umafunika kuunikidwanso.

Ndalama, kulengeza pagulu, ndi manyazi

Pali njira zina zimene zimagwira munthu pomuopseza ndi chimene angataye. Ina ndiyo kuika chikole: munthu amapereka ndalama kwa wina, ndipo amazilandiranso pokhapokha akafika pamene analonjeza. Kevin Volpp ndi anzake anayesa zimenezi ku Philadelphia pa anthu 57, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Pa milungu 16, amene anaika chikole ndi amene ankachita nawo maere a mphotho anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 6, pamene amene analibe ndalama yoyembekezera sanafike ndi 2 omwe. Koma ndalama zitasiya, ambiri anayambanso kunenepa, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri kusiyana kuja kunali kutachepa kwambiri. Chikole n'chabwino podzutsa munthu amene wakhala akuzengereza, malinga ngati pa miyezi imeneyo akumanganso zizolowezi zimene zidzatsale ndalama zikadzachoka. Mipikisano ya amene atsike kwambiri pa mwezi umodzi ndiyo sindiivomereza, chifukwa imapatsa mphotho munthu amene wadzimana madzi ndi chakudya masiku oyandikira kuyezedwa, ndipo amene watsalira amachoka ali wofooka kuposa mmene anabwerera.

Kulengeza kwa anthu onse kuti mwayamba kuchepetsa thupi kumaoneka ngati kudzimanga, koma anthu zana amene ayamikira tsiku loyamba palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakufunseni mlungu wachisanu ndi chiwiri. Katswiri wa maganizo Peter Gollwitzer ndi anzake anasonyeza mu 2009 kuti nthawi zina munthu akauza ena cholinga chake n'kuona kuti achimva, amamva ngati wachita kale mbali ina ya ntchitoyo, ndipo khama limachepa. Choncho kuuza munthu mmodzi amene adzafunsedi kumaposa kuuza khamu limene lidzangoombera m'manja.

Manyazi ndiwo ndimawakana ndi mtima wonse, ngakhale kuti abale ambiri amawagwiritsa ntchito poganiza kuti akuthandiza. Angelina Sutin ndi Antonio Terracciano anatsatira anthu oposa 6,000 kwa zaka zinayi, ndipo mu 2013 anafotokoza kuti amene ankasalidwa chifukwa cha thupi lawo anali pa chiopsezo chonenepa kwambiri kawiri ndi theka kuposa amene sankasalidwa. Kudzinyoza wekha kumachitanso chimodzimodzi. Janet Polivy ndi Peter Herman a ku yunivesite ya Toronto anaphunzira kwa zaka zambiri khalidwe la anthu odziletsa chakudya, ndipo anaona kuti munthu akangokhulupirira kuti waphwanya kale lamulo, amadya zambiri kuposa mmene akanadyera, poganiza kuti tsikulo lawonongeka kale. Chimene chimanenepetsanso munthu kawirikawiri si chakudya chimodzi chija ayi, koma masiku khumi otsatira amene amakhala akuthawa sikelo, kope ndi mnzake.

Nanga munthu asankhe iti?

Nditayerekeza zonsezi, ndimaona kuti njira imodzi payokha siikwana, koma kuunjika zonse nakonso kumalemetsa. Zimene zimagwirizana bwino ndi ziwiri: chimodzi chokuonetsani zoona, chimene ndi kope kapena sikelo, ndi munthu mmodzi kapena kagulu kochepa kokufunsani pa tsiku lokhazikika. Amene amakonda kuchita zinthu payekha ndipo manambala samusokoneza akhoza kudalira sikelo ndi pulogalamu ya pafoni, n'kungowonjezera lipoti lalifupi la mlungu ndi mlungu kwa mnzake. Amene amadya chifukwa cha nkhawa, kusungulumwa kapena kutopa apindula kwambiri ndi kope ndi gulu lokumana maso ndi maso. Amene wayambapo kambirimbiri n'kusiya, kapena amene amadya mosatha kudziletsa mpaka kudzimvera chisoni, afunefune katswiri m'malo moyesanso yekha kachisanu ndi chimodzi.

Chinthu chimene chimasintha kwambiri ubwino wa njira zonsezi ndi zimene munthu amalonjeza. Amene walonjeza mnzake kuti atsika ndi kilogalamu imodzi mlungu uno walonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake, chifukwa madzi, mahomoni ndi tulo zili ndi mbali yake. Amene walonjeza kuti ayenda mphindi 30 masiku asanu, zimene zikukwana mphindi 150 zimene bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu pa mlungu, ndiponso kuti alemba chakudya chake masiku asanu ndi limodzi, walonjeza zimene angathe kuyankha kuti inde kapena ayi. Malonjezo otere amalimba kwambiri akamangiriridwa ku nthawi ndi malo, monga kunena kuti ndikangoweruka ndidzayenda ndisanalowe m'nyumba, kapena kuti mvula ikagwa ndidzachita masewera m'chipinda kwa mphindi 20. Gollwitzer yemwe uja ndiye anatchukitsa njira imeneyi mu 1999, ndipo mphamvu yake ndi yakuti chosankha chimapangidwa munthu ali ndi nyonga, osati pa ola limene watopa.

Pamafunikanso kudziwa utali wa nthawi imene thandizo la wina lidzafunike. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku lililonse, ndipo anapeza kuti chinkatenga masiku 66 kwa munthu wapakatikati kuti chizichitika chokha, ngakhale kuti ena anafunika masiku 18 okha ndipo ena mpaka 254. Anapezanso kuti kulumpha tsiku limodzi sikunawononge chizolowezicho. Choncho pangano la mwezi umodzi ndi lalifupi. Ndi bwino kugwirizana miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kupitiriza mwa apo ndi apo ngakhale mutafika pamene munkafuna, pokumbukira kuti njala ija imakhala idakalipo patatha chaka.

Popangana ndi amene adzakufunseni, mfundo imene ambiri amaiwala ndi ya mlungu woipa. Gwirizanani tsiku ndi ola la lipoti, ndipo lipotilo likhale lalifupi moti lingalembedwe ngakhale mutatopa: masiku amene mwayenda, masiku amene mwalemba, avareji ya sikelo, ndi chinthu chimodzi chimene chavuta. Muuzeni mnzanuyo mosabisa kuti mlungu umene uthenga wanu sudzafika ndi umene mudzakhale mukumufuna kwambiri, ndipo mumupatse chilolezo tsopano, zinthu zidakali bwino, kuti ola lija likadutsa muli chete, akuimbireni foni tsiku lomwelo n'kukufunsani nthawi imene mudzayende mawa.